Kunyamula Zitsulo: Mmene Mungakuzire Chidali ndi Mapewa Popanda Kudzivulaza

Kuyambira pa boma pa Milange, ku Majaua ndi ku Mongue, mpaka kumalire a Melosa ndi kutsidya ku Muloza ndi ku Limbuli, masiku ano si zachilendo kuona anyamata atasonkhana kuseri kwa nyumba madzulo akusinthana kunyamula paipi yomwe ili ndi zitini za simenti uku ndi uku. Aliyense akufuna chidali chotambalala ndi mapewa odzaza malaya, kuti anzake azimutcha dzitho. Masewerawa ndi abwino pa thanzi la munthu. Vuto ndi loti ambiri amayamba ndi mpikisano wakuti wanyamula zolemera kwambiri ndani, ndipo mapeto ake amakhala phewa lopweteka.

Kuno phewa ndi mpamba. Ndilo limakankha njinga yosenza matumba a chimanga kapena nandolo pachitunda, limagwira khasu, limakweza thumba la makilogalamu 50 pagalimoto. Likavulala, ganyu waima ndipo ana agona ndi njala. Choncho lero tifotokoza mmene mnofu umakulira, masewera oyenera, chakudya chofunika, ndi zizindikiro zoti muthamangire nazo kuchipatala.

Tidziwe kaye minofu yake

Pachidali pali mnofu waukulu mbali iliyonse, wooneka ngati chikupizo. Umayambira pafupa lapakati pa chifuwa ndi pafupa lopingasa la m'munsi mwa khosi, n'kukathera pafupa la mkono chakumtunda. Ntchito yake ndi kukankhira mkono kutsogolo ndi kuukokera pakati, monga muchitira pokankha njinga kapena pokumbatira mtolo.

Pamwamba pa phewa pali mnofu wina wokuta phewalo ngati chipewa. Uli ndi magawo atatu: lakutsogolo limakwezera mkono kutsogolo, lapakati limaukwezera m'mbali, lakumbuyo limaubwezera m'mbuyo.

Pansi pa mnofu umenewu pali timinofu tinayi tating'ono tomwe sitioneka ndi maso. Mutu wa fupa la mkono ndi wobulungira, ndipo umakhala m'kambale kosazama. N'chifukwa chake mkono umatha kuzungulira mbali zonse, komanso n'chifukwa chake phewa siligwira molimba ngati chiuno. Timinofu tinayiti ndi tomwe timagwira fupalo kuti lisachoke m'malo mwake. Munthu akamakuza chidali chokha n'kuiwala timinofuti ndi minofu ya kumsana, mapewa amayamba kugwera kutsogolo ndipo ululu umayamba.

Kodi mnofu umakula bwanji?

Mukaupatsa mnofu ntchito yoposa imene udazolowera, thupi limayankha pouonjezera nyama kuti mawa ntchitoyo isadzaulemere. Kuonjezerako kumachitika pamene mukupuma, makamaka mukagona, ndipo zomangira zake zimachokera m'chakudya. Zinthu zake ndi zitatu ngati mafuwa: katundu woonjezeka pang'onopang'ono, chakudya chokwanira, ndi kupuma. Fuwa limodzi likachoka, mphika umagwa.

Agiriki akale adali ndi nthano ya katswiri wina wa zogwetsana dzina lake Milo, wa mumzinda wa Croton. Amati ankanyamula mwana wa ng'ombe tsiku ndi tsiku, ndipo pamene ng'ombeyo inkakula, mphamvu zake nazonso zinkakula, mpaka adatha kusenza nkhunzi yathunthu. Iyi ndi nthano chabe, koma nzeru yake madokotala adaitsimikiza. Mu 1945, dokotala wa asilikali a ku America, Thomas DeLorme, adalemba za mmene ankachiritsira asilikali ovulala pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse powapatsa zitsulo zoti anyamule, n'kumaonjezera kulemera kwake pamene mphamvu zinkabwerera. Mu 1948 iye ndi mnzake Arthur Watkins adafalitsa njira yonyamula maulendo 10, kupuma, n'kubwereza mpaka katatu. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Dziwaninso kuti masabata oyambirira mphamvu zimaonjezeka koma thupi silisintha kwenikweni, chifukwa ubongo ndi mitsempha zimakhala zikuphunzira ntchito yatsopanoyo. Kukula kooneka ndi maso kumayamba pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Ambiri amagwa mphwayi nthawi imeneyi isanakwane. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Wina angafunse kuti, ine ndimalima ndi kukankha njinga tsiku lonse, bwanji chidali sichikula? Ntchito ya kumunda imalimbitsa thupi ndithu, koma katundu wake ndi yemweyo chaka ndi chaka, ndipo thupi likazolowera limaleka kuonjezera. Komanso ntchitoyo imadya mphamvu zambiri, kotero ngati chakudya n'chochepa, palibe chotsala chomangira mnofu.

Zipangizo za pakhomo

Simusowa kupita ku jimu ya ku Quelimane kapena ku Blantyre. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho botolo la malita awiri ndi makilogalamu awiri, chigubu cha malita asanu ndi makilogalamu asanu. Mukathiramo mchenga wouma m'malo mwa madzi, kulemerako kumaonjezeka ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Chubu chakale cha njinga nacho musataye, chili ndi ntchito yomwe tinena kutsogoloku.

Ofuna kuumba zitsulo za simenti akumbukire izi:

1. Simenti yosakaniza ndi mchenga ndi miyala ikauma imalemera pafupifupi makilogalamu 2.4 pa lita. Chitini cha penti cha malita asanu chimafika pa makilogalamu pafupifupi 12, ndipo ziwiri ndi 24, osawerengera paipi. Kwa woyamba kumene zimenezi n'zolemera kale. Yambani ndi zitini zing'onozing'ono.

2. Mbali ziwiri zikhale zofanana. Pitani nazo pasikelo ya ogula nandolo kuti mudziwe kulemera kwake, ndipo mulembe nambalayo pachitini.

3. Boolani kumapeto kwa paipi n'kupisamo misomali kapena waya wolimba musanathire simenti, kuti chitini chisadzavuke muli mkati monyamula.

4. Muzithira madzi pa simentiyo kwa sabata yathunthu. Imafika polimba kwathunthu pakatha masiku 28. Chitsulo chong'aluka kapena paipi yadzimbiri yopyapyala zitayeni.

Musanayambe

Thupi lozizira silinyamula katundu. Yendani mwandawala kapena thamangani pang'ono kwa mphindi zisanu kapena khumi, zunguzani mikono kutsogolo ndi kumbuyo, kenaka chitani masewera oyamba ndi katundu wopepuka.

Pano kunyamula ndi kutsitsa kamodzi tikutcha ulendo umodzi, ndipo maulendo otsatizana osapuma tikuwatcha ndime. Pa masewera alionse m'munsimu, chitani ndime ziwiri kapena zitatu za maulendo 8 mpaka 12, ndipo muzipuma mphindi imodzi kapena ziwiri pakati pa ndime. Katundu woyenera ndi amene pa ulendo womaliza mukumva kulemera, koma mukadatha kuonjezera maulendo ena awiri osapindika msana.

Masewera asanu

Oyamba ndi mapushapu. Ikani manja pansi motalikirana kuposa mapewa pang'ono. Thupi likhale lowongoka ngati thabwa kuchokera kumutu mpaka kuchidendene, matako asatukuke ndipo mimba isagwe. Tsikani mpaka chidali chitatsala pang'ono kukhudza pansi, kenaka kankhani. Zigongono zisatambasuke ngati mapiko a nkhuku, zikhale chapakati, moyandikirako nthiti. Ngati n'zovuta, yambani mutatsamira khoma kapena mutagwada. Zikapepuka, ikani mapazi pampando kapena berekani chikwama chokhala ndi mabotolo a mchenga.

Achiwiri ndi kukankha zitsulo mutagona chagada. Yalani mkeka, gonani, pindani mawondo. Gwirani paipi ndi chala chachikulu chitazungulira, kankhirani m'mwamba pamwamba pa chidali, ndipo tsitsani mofatsa mpaka mikono itakhudza pansi. Kugona pansi n'kwabwino kuposa pabenchi kwa oyamba, chifukwa nthaka imaletsa zigongono kutsika mopitirira, pomwe phewa limavulalira. Mnzanu aime kumutu kwanu nthawi zonse, okonzeka kugwira. Anthu ena adamwalirapo m'maiko osiyanasiyana chitsulo chitawagwera pakhosi ali okha. Musayerekeze kuchita masewera amenewa panokha, kapena pabenchi yogwedera yosanjikiza pa njerwa.

Achitatu ndi kukankhira m'mwamba. Imani chilili, mapazi motalikirana, mimba yolimba. Gwirani zigubu kapena paipi pa msinkhu wa mapewa, kutsogolo kwa nkhope, ndipo kankhirani m'mwamba mpaka mikono itawongoka. Mukaona kuti mukupindikira kumbuyo kuti katunduyo akwere, ndiye kuti walemera, chepetsani. Musatsitsire paipi kuseri kwa khosi, chifukwa kutero kumapanikiza phewa ndi khosi lomwe.

Achinayi ndi kukwezera m'mbali. Tengani botolo la lita imodzi kapena awiri dzanja lililonse. Zigongono zitapindika pang'ono, kwezerani mikono m'mbali mpaka ifike pa msinkhu wa mapewa, ndipo tsitsani pang'onopang'ono. Masewera awa ndiwo amatambalalitsa mapewa. Safuna katundu wolemera, ngakhale anzanu akusekeni.

Achisanu ndi kukoka. Ikani dzanja limodzi ndi bondo pabenchi yolimba, msana wowongoka, ndipo ndi dzanja linalo kokerani chigubu m'mwamba mpaka chigongono chifike m'nthiti. Mukatha, sinthani mbali. Kenaka mangani chubu cha njinga pamtengo pa msinkhu wa mchombo, imani cham'mbali, gwirani ndi dzanja lomwe lili kutali ndi mtengowo, chigongono chitapindika ndi kumamatira kunthiti, ndipo kokerani dzanja kunja ngati mukutsegula chitseko, maulendo 15. Apa mukulimbitsa timinofu tinayi tija. Lamulo lake ndi ili: ndime zokoka zikhale zofanana ndi ndime zokankha.

Pa masewera onsewa, tulutsani mpweya pokankha kapena pokoka, ndipo kokani mpweya potsitsa. Kubanika mpweya kumakweza kuthamanga kwa magazi mwadzidzidzi ndipo munthu angathe kuchita chizungulire n'kugwa ndi chitsulo m'manja.

Kangati pa sabata?

Bungwe loona za umoyo padziko lonse, lomwe kuno timalitcha OMS ndipo ku Malawi amati WHO, lidanena m'malangizo ake a mu 2020 kuti munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa minofu yonse ikuluikulu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata. Mawu akuti yonse ndi ofunika. Musaiwale miyendo ndi mimba, onjezerani kunjuta ndi kudzuka mutafukata chigubu.

Mnofu umene wagwira ntchito yolemera upatseni masiku awiri, kapena kuti maola 48, musanaubwerezenso. Mwachitsanzo mutha kusankha Lolemba ndi Lachinayi, kapena Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Mukafika pochita maulendo 12 pa ndime zonse mosavutika, masiku awiri otsatizana a masewera, onjezerani katundu pang'ono, kilogalamu imodzi kapena ziwiri basi. Lembani m'kope tsiku, kulemera ndi maulendo, kuti muziona mmene mukupitira.

Yang'ananinso nyengo. Nthawi yogalauza, yopalira ndi yokolola, kapena sabata yomwe mwasenza matumba tsiku lililonse, chepetsani ndime chifukwa mapewa atopa kale. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, ingosungani mphamvu zomwe muli nazo ndi masewera opepuka. Nthawi yabwino yoonjezera katundu ndi pambuyo pokolola, chakudya chikakhala chokwanira. Tulo nato ndi mankhwala: munthu wamkulu agone maola 7 mpaka 9.

Chakudya chomanga thupi

Mnofu umamangidwa ndi zakudya zomanga thupi, zomwe achipatala amati mapuloteni. Munthu wamba amafuna pafupifupi magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Kafukufuku wina wa mu 2018, amene adaphatikiza zotsatira za makafukufuku 49, adapeza kuti kwa onyamula zitsulo phindu limaonjezeka mpaka pa magalamu pafupifupi 1.6, ndipo kupitirira pamenepo sikuonjezera zambiri. Ndiye kuti mnyamata wolemera makilogalamu 60 afunika magalamu pafupifupi 96 patsiku.

Zimenezi zingapezeke m'munda ndi pamsika. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6. Pa magalamu 100 alionse a mbewu zouma, nyemba ndi nandolo zili ndi magalamu pafupifupi 21, mtedza 25, ndipo soya, amene amalimidwa kwambiri ku Gurué ndi madera ena a Zambezia, ali ndi 36. Usipa ndi matemba ouma, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Nsima nayo ili nawo pang'ono, ndipo ikadyedwa pamodzi ndi nyemba kapena nandolo zimathandizana, chifukwa chomwe chikusowa m'chimanga chimapezeka m'nyemba. Munthu amene wadya phala la mgaiwa lotsira nsinjiro kapena ufa wa soya m'mawa, nsima ya nyemba ndi masamba masana, mtedza wodzaza dzanja ndi mazira awiri, ndi nsima ya usipa madzulo, wafika kale pafupi ndi mlingo uja.

Soya akazingidwe kapena aphikidwe bwino asanagayidwe, chifukwa wamuwisi amasokoneza kugaya chakudya m'mimba. Mtedza wachuku utayeni, poizoni wake amaononga chiwindi. Musasiye nsima, mbatata, chinangwa ndi nthochi, chifukwa ndizo zipereka mphamvu. Imwani madzi okwanira. Kachasu ndi mowa wambiri zimachedwetsa kumangika kwa mnofu. Ndipo musalande ndiwo za ana ndi amayi oyamwitsa pofuna chidali, iwo amazifuna koposa inu.

Chenjerani ndi mankhwala a pamsika

Pali mapiritsi ndi majakisoni otchedwa anabolic steroids omwe ena amagwiritsa ntchito mozemba kuti thupi likule msanga. Mnofu umakuladi, koma mtengo wake ndi wowawa: amaononga mtima ndi chiwindi, amakweza kuthamanga kwa magazi, amachepetsa machende ndi mbewu ya abambo, ndipo mwamuna angamere mabere. Mwa achinyamata angaimitse kukula kwa msinkhu. Kubwerekana jakisoni kumafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi.

Enanso amamwa mapiritsi onenepetsa. Dexamethasone ndi mankhwala ofunika kuchipatala pa matenda ena, koma akamwedwa nthawi yaitali popanda dokotala amatupitsa nkhope ndi mimba, amafooketsa mafupa ndi chitetezo cha m'thupi, amakweza shuga, ndipo mnofu weniweniwo amausungunula. Cyproheptadine amangoonjezera njala ndi tulo. Kutemera mphini za mphamvu nako sikukuza mnofu, ndipo lumo limodzi pa anthu angapo ndi njira ya matenda.

Mafunso amene ambiri amafunsa

Kodi amayi angachite nawo? Inde. Masewerawa amalimbitsa mafupa ndi msana. Thupi la mkazi silikula ngati la mwamuna chifukwa timadzi ta m'thupi tokuza mnofu timakhala tochepa, ndipo masewera a pachidali sakuza mabere. Mayi woyembekezera afunse kaye kusikelo.

Kodi zitsulo zimapinimbiritsa ana? Katundu wopepuka, pamaso pa munthu wamkulu wodziwa, saletsa mwana kukula. Choopsa ndi mpikisano wonyamula zolemera. Anyamata a sukulu ayambe ndi mapushapu ndi mabotolo a madzi.

Nanga agogo? Mnofu umachepa munthu akamakalamba, ndipo masewera opepuka amathandiza kuti azitha kudzuka okha ndi kupewa kugwa.

Nanga amene akumwa ma ARV? Angathe kuchita, ndipo zimawathandiza, bola akumwa mankhwala mwandondomeko ndi kudya mokwanira. Odwala mtima, BP kapena shuga, ndi amene ali ndi chotupa cha matumbo otsikira m'chinena, ayambe aonana ndi achipatala. Mukadwala malungo kapena thupi likatentha, siyani masewera mpaka mutachira.

Ululu woyenera ndi ululu woopsa

Kuphwanya kwa minofu komwe kumayamba tsiku lotsatira, n'kutha pakapita masiku atatu kapena asanu, n'kwachibadwa, makamaka poyamba. Koma thamangirani kuchipatala ngati:

1. Mukumva kufinya kapena kulemera m'kati mwa chifuwa, ululu ukufalikira kumkono, kukhosi kapena kunsagwada, muli ndi phuma kapena thukuta lozizira. Umenewu ungakhale mtima.

2. Mwamva ngati china chaduka pachidali kapena m'khwapa, malowo atupa ndi kuda magazi. Mnofu ungakhale utang'ambika, ndipo opaleshoni yake imayenda bwino ikachitika msanga.

3. Phewa lagweruka kapena lasintha maonekedwe. Anzanu asalikoke. Kolekani mkono pachitenje n'kupita.

4. Mkono wachita dzanzi kapena wafooka, kapena simutha kuukweza kupitirira phewa.

5. Mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo pa masewera olemera, minofu itatupa ndi kupweteka kwambiri. Impso zili pangozi.

6. Ululu wa phewa wakana kutha kwa masabata awiri ngakhale mwapuma, kapena ukukudzutsani usiku.

Komanso musamanamizire zitsulo ululu uliwonse wa m'chifuwa. Munthu amene watsokomola masabata awiri, akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, akayezetse chifuwa chachikulu. Yambani ndi APE wa m'mudzi mwanu kapena chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo iwo akutumizani kuchipatala cha pa boma ngati pafunika kutero. Abale athu a kutsidya aonane ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo. Musachite manyazi poopa kuti anzanu anena kuti dzitho wafooka. Paja mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Akuluakulu amene mudayamba kale masewerawa, tikupemphani kuti muziyang'anira achichepere akabwera pabwalo lanu. Apatseni chigubu cha malita asanu, aphunzitseni kugwira ndi kupuma bwino, ndipo muziima kumutu kwawo akagona pansi pa paipi. Mukatha kuwerenga kapepala aka, kapatseni mnzanu, ndipo muwawerengere amene satha kuwerenga.